Tifitifi wofuna banja koma osalipeza: mmene sewero lake la pa wailesi limamangidwira

Pa 30 Seputembala 1962 wailesi ya CBS ku America inaulutsa komaliza masewero awiri, Suspense ndi Yours Truly, Johnny Dollar, ndipo okonda mbiri ya wailesi amatenga tsiku limeneli ngati mapeto a nyengo ija mabanja ankazungulira wailesi madzulo kumvera zisudzo. Mkati mwa nyengoyo, makamaka kuyambira 1945 mpaka 1953, kunatchuka masewero a tifitifi woyima payekha, uja munthu wamba amamulemba ganyu kuti amufufuzire nkhani imene apolisi ayilephera kapena sakuyenera kuyimva. Ena mwa masewerowa anali oopsa okhaokha, koma amene akukomabe m'khutu mpaka lero ndi aja osakaniza mlandu ndi nthabwala. The Adventures of Sam Spade, imene inayamba mu 1946 ndi Howard Duff, inali yotero. Richard Diamond, Private Detective, imene Blake Edwards ankalemba ndipo Dick Powell ankasewera kuyambira 1949, inapita nazo patali nthabwalazo.

Atifitifi amenewa pafupifupi onse anali mabatchala, koma ubatchala uli pawiri ndipo wolemba ayenera kusankha asanalembe tsamba loyamba. Pali batchala wothawa ukwati. Diamond anali wotere: mlandu ukatha ankapita kunyumba ya chibwenzi chake cholemera, Helen Asher, ku Park Avenue mu New York, n'kumuyimbira nyimbo, nkhani ya ukwati n'kuyizemba. Ndiye pali batchala amene ubatchala wamukola ngati msampha, wofunitsitsa kukwatira koma zinthu zimangomupherezera. Chitsanzo chabwino cha munthu wotere chili m'sewero losakhudza zofufuza milandu, The Great Gildersleeve, limene linayamba pa wailesi ya NBC mu 1941. Mu 1943 Gildersleeve anafika mpaka pa tsiku la ukwati ndi mayi wamasiye Leila Ransom, ndiye mwamuna wa mayiyo, amene ankamuyesa womwalira, anatulukira wamoyo. Ine ndimaona kuti batchala wachiwiriyu ndi amene ali ndi mnofu wambiri. Wothawa ukwati nthabwala yake ndi imodzi, ndipo pofika gawo lachisanu omvera ayamba kumvera chisoni mkaziyo. Wofuna ukwati omvera amakhala naye mbali imodzi, amamufunira zabwino, ndipo kuseka kwawo kumakhala kosakanikirana ndi chifundo.

Chimene chimagwetsa olemba ambiri n'chakuti amalemba nkhani ziwiri n'kuzimata ndi ulimbo: mlandu pakati, zachikondi koyambirira ndi kumapeto. Omvera amamva msoko wake. Chimene chalepheretsa tifitifi kufunsira mbeta sabata ino chiyenera kutuluka m'mlandu womwewo umene akufufuza, ndipo chimene chaulula wopalamula chiyenera kupezeka pa nthawi imene iye maganizo ake anali pa kufunsira. Zikalukana chonchi, mphindi iliyonse ya sewero imagwira ntchito ziwiri, ndipo mphindizo n'zochepa.

Masewerowa ankapatsidwa theka la ola. Mukachotsapo nyimbo yoyambira, mawu a muulutsi ndi malonda a kampani yolipira pulogalamu (Sam Spade ankagulitsa mafuta a tsitsi a Wildroot), sewero lenilenilo limatsala ndi mphindi 24 kapena 25. Kagawidwe kamene kamayenda bwino ndi aka. Mphindi 3 zoyamba zikhale mu ofesi, timve chimene tifitifi akufuna pa moyo wake sabata ino ndipo wobweretsa mlandu agogode chisanathe. Pofika mphindi ya 12 tikhale titakumana ndi oganiziridwa onse, ndipo pachitike chinthu chododometsa, chifukwa apa ndi pamene malonda ankadula nkhani ndipo womvera ankafunika chifukwa chosasinthira siteshoni. Wopalamula aululidwe pakati pa mphindi ya 20 ndi ya 22. Mphindi 2 zomaliza ndi za mtima wa batchala wathu. Olemba a nthawiyo ankawerengera tsamba limodzi pa mphindi imodzi, mawu pafupifupi 150 a Chingerezi. Mawu a Chichewa ndi ataliatali, choncho musadalire chiwerengero chimenechi: werengani mokweza muli ndi wotchi m'manja, ndipo siyani masekondi 60 mpaka 90 opanda kanthu, chifukwa maphokoso ndi nyimbo zimadya nthawi yoposa imene mumaganiza.

Anthu olankhula asapitirire 7, ndipo pa malo amodzi asalankhule oposa 4. Khutu silisunga nkhope. Oganiziridwa 3 ndi okwanira. Mukayika 5, pofika poulula wopalamula womvera amafunsa mnzake kuti kodi ameneyo ndiye uti. Aliyense akhale ndi mawu osiyana ndi anzake m'njira ziwiri, kukula kwa liwu ndi liwiro la kalankhulidwe, ndipo maina awo asayambe ndi chilembo chimodzi kapena kutha mofanana. Dzina la munthu watsopano litchulidwe kawiri mkati mwa theka la mphindi atangolowa. Munthu amene ali m'chipinda koma wakhala chete kwa mizere 6 kapena 7, kwa womvera ndiye kuti watuluka, choncho akalankhulanso amadzidzimutsa. Mupatseni ka mawu kamodzi, ngakhale kutsokomola. Wosewera mmodzi angathe kutenga mbali ziwiri, monga Wilms Herbert ankachitira mu Richard Diamond, kukhala wapolisi wopepera Otis komanso Francis wantchito wa kwa Helen, koma anthu awiriwo asakumane pa malo amodzi ngati wosewerayo sanakhwime.

Tifitifi ayeneranso kukhala ndi chifukwa cholankhulira ndi omvera, popeza ndiye maso awo. Sam Spade ankalembetsa lipoti la mlandu kwa mlembi wake Effie, amene ankaseweredwa ndi Lurene Tuttle, ndipo Effie ankamudula pakamwa ndi mafunso. Johnny Dollar ankawerenga mndandanda wa ndalama zimene wawononga pa ulendo, ndipo chinthu chilichonse pa mndandandawo chinkatsegula malo atsopano a nkhani. Kwa batchala wofuna banja, njira imene ndimayikonda ndi kalata yopepesa: gawo lililonse ndi kalata imene akulembera mkaziyo kufotokoza chifukwa chimene sanafikire pa malo anapanganawo. Kufotokoza kumeneku kusapitirire masekondi 30 nthawi imodzi, ndipo kuzingonena zimene khutu silingamve lokha, monga maonekedwe a munthu, nthawi ndi malo. Chitseko chikamveka kutseguka, tifitifi asanenenso kuti chitseko chinatseguka.

Tiyese ndi nkhani imodzi kuti zioneke. Ndi ku San Francisco, chaka cha 1948. Tifitifi wathu wagula mphete ya chitomero m'sitolo ya pinyolo pa madola 40, ndipo akufuna kufunsira mlembi wake madzulo ano. Mayi wina wolemera akumulemba ntchito chifukwa zibangili ndi mphete zake zabedwa. Tifitifi akupita kunyumba ya mayiyo, ndipo ali mkati molankhula, wotchi ya pabalaza ikulira ndi belu long'aluka. Mayiyo akungoti pepani, belulo linagwa pansi chaka chatha, n'kupitiriza nkhani. Madzulo tifitifi wagwada pamaso pa mlembi, foni ikulira.

PHOKOSO: KABOKOSI KA MPHETE KATSEGUKA. FONI IKULIRA.
TIFITIFI: Isiyeni ilire. Ndili ndi mawu, ndipo ndakhala ndikuwaloweza kuyambira Lolemba.
MLEMBI: Bwana, yalira kachitatu. Ndipo bondo lanu lapsinja chingwe chake.
PHOKOSO: ANYAMULA FONI.
MPHWAKE WA MAYI (PA FONI): Ndili ku siteshoni ya sitima, ndikunyamuka usiku uno. Za azakhali sindikudziwapo kanthu.
PHOKOSO (PA FONI): BELU LONG'ALUKA, KAWIRI, CHAPATALI.
TIFITIFI: Chabwino, yendani bwino. Tsopano, paja ndimati chiyani?
MLEMBI: Mumati mwaloweza mawu. Koma taimani kaye, bwana.

Tifitifi sanamve belulo chifukwa mtima wake unali pa bondo. Mlembi walimva. Mnyamatayo wanama, ali m'nyumba ya azakhali ake pa nthawi imene akuti ali ku siteshoni. Pa mphindi ya 21 onse asonkhana pabalaza paja, wotchi ikuliranso, ndipo womvera amazindikira masekondi awiri mlembi asanatsegule pakamwa. Masekondi awiri amenewo ndi malipiro a womvera, musamulande. Kenako mkulu wa apolisi akuwerenga mndandanda wa zobedwa zimene mnyamatayo anakapinyolitsa, ndipo chomaliza pa mndandandawo ndi mphete ili m'thumba la tifitifi. Ikupita ku polisi ngati umboni.

Taonani kuti chizindikiro chamveka katatu: koyamba popanda wochikayikira, kachiwiri pamene womvera akuseka zina, kachitatu poulula. Mukachimveketsa kamodzi kokha womvera amaona ngati mwamubera, chifukwa pa wailesi palibe kubwerera tsamba la m'mbuyo. Mukachimveketsa kasanu amadziwa wopalamula pa mphindi ya 10. Nthabwala ndi malo abwino kwambiri obisapo chizindikiro, poti munthu akamaseka amamva koma sasanthula. Ndipo chizindikirocho chikhale cha khutu. Phulusa la ndudu pa kapeti kapena dontho la inki pa chala ndi zinthu zofuna maso, ndipo pa wailesi zimasanduka tifitifi kungotiuza zimene iye yekha waona.

Pa belu limeneli pali vuto limene limatulukira mochedwa, sewero litajambulidwa kale. Mawu a pa foni amapangidwa podula mawu onse otsika kuposa 300 Hz ndi okwera kuposa 3400 Hz (Hz ndi muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa liwu), chifukwa umo ndi mmene foni zenizeni zinkamvekera. Kale ankagwiritsa ntchito maiki yapadera yodutsa m'sefa yotero. Lero pulogalamu ya pa kompyuta monga Audacity imachita zimenezi mosavuta. Wotchi yaikulu yoyima pansi imalira ndi liwu lakuya, ndipo likadutsa m'sefayo limatsala ngati wina wagunda tebulo. Womvera sangalizindikire kuti ndi belu lomwe lija. Sankhani belu la liwu lokwera, lokhala ndi chilema chomveka bwino, monga kambale kachitsulo kamene mwakhudzitsako waya kuti kazinjenjemera polira. Liyeseni mu sefa musanalembe nkhani yonse molidalira, ndipo limvetsereni pa sipika yaying'ono ya foni ya m'manja, chifukwa ambiri adzamvera pamenepo.

Za mkaziyo ndiyimepo pang'ono, chifukwa sewero lonse latsamira pa iye. Akakhala munthu wongodikira mphete, nkhani imazizira msanga. Akhale ndi ntchito yeniyeni m'mlandu, monga taona, ndipo akhale kuti akudziwa kale zimene bwana wake akufuna kunena. Amaliona bokosi lotumba m'thumba la jekete, amadziwa tsiku limene anagula mphete chifukwa ndiye amalemba mabuku a ndalama a ofesi. Angathe kumuthandiza pongoyankha funso lisanafunsidwe, koma akufuna alimve lonse kuchokera pakamwa pake. Pamenepa ndi pamene pamachokera kukoma: womvera ndi mkaziyo akudziwa, mwamunayo yekha ndiye akuganiza kuti ali ndi chinsinsi. Tifitifi nayenso asakhale chitsiru. Pa ntchito yake akhale wakuthwa, wotha kuwerenga bodza pa nkhope ya chigawenga, kuti kulephera kwake kutchula mawu anayi pamaso pa mkazi mmodzi kukhale ndi kulemera. Uchitsiru weniweni muupereke kwa wapolisi wamng'ono, ndi mkwiyo kwa mkulu wake.

Masewero ambiri a atifitifi ankachitikira m'situdiyo yopanda anthu oonerera, choncho panalibe phwete la anthu lodzaza mpata pambuyo pa nthabwala. Izi zimasintha kalembedwe. Wosewera asamadikire kuseka. Mzere wotsatira ubwere pakangopita mpweya umodzi. Chete wa sekondi imodzi ndi wautali kale pa wailesi, wa masekondi atatu womvera amayesa kuti wailesi yafa. Mawu oseketsa akhale kumapeto kwenikweni kwa chiganizo, pasakhale kanthu kena pambuyo pake. Mafanizo okokomeza, aja wosewera Jack Webb anatchuka nawo mu Pat Novak, for Hire, ndi mchere wa masewerowa, koma limodzi pa mphindi ziwiri kapena zitatu ndi lokwanira, ndipo kwa batchala wathu achokere m'moyo wa munthu wokhala yekha: mbale imodzi, sokosi yobooka, bedi lozizira mbali imodzi. Pa malo amene munthu waphedwa kapena mfuti yalozedwa, nthabwala ziyime kwa theka la mphindi. Womvera akapanda kukhulupirira kuti tifitifi angathe kufa, sasamalanso ngati akwatira kapena ayi.

M'situdiyo za nthawiyo maiki yodziwika inali RCA 44-BX, imene imamva kutsogolo ndi kumbuyo koma m'mbali ndi yogontha. Osewera ankayima moyang'anizana, maiki ili pakati, ndipo wofuna kumveka ngati akutuluka m'chipinda ankangosendera cha m'mbali. Mfundo yake ikugwirabe ntchito ndi maiki ina iliyonse: mtunda ndiwo umajambula chipinda m'mutu mwa womvera. Kukambirana wamba kuchitike pa masentimita 30 mpaka 40. Tifitifi akamalankhula ndi omvera asendere pafupi, masentimita 15 kapena 20, atsitse mawu, koma pakamwa palunjike pambali pang'ono kuti p ndi ph zisaphulike. Wolankhula ali pakhomo abwerere m'mbuyo mita imodzi ndi theka kapena awiri. Mtunda ukawirikiza kawiri mawu amatsika ndi ma decibel (dB, muyeso wa mphamvu ya mawu) pafupifupi 6 ndipo kumveka kwa makoma kumachuluka, chimene simungachipeze pongotsitsa voliyumu pa kompyuta. Kungotsitsa voliyumu kumapereka munthu wamng'ono woyima pafupi, pamene mumafuna munthu wamkulu woyima patali.

Pa maphokoso, chida choyamba kukhala nacho ndi chitseko. Ankapanga chaching'ono, chokhala m'felemu yolemera ya matabwa, chokhala ndi chogwirira, loko ndi chitsulo chotsekera. Felemu ikapepuka chitseko chimamveka ngati kabati. Mapazi amapangidwa ndi nsapato za chikopa cholimba zogwira m'manja kapena zovala, pa thabwa, pa simenti ndi m'bokosi la miyala ing'onoing'ono. Musayendetse munthu aliyense nthawi zonse. Mapazi 4 kapena 5 akwana kutiuza kuti wina wadutsa m'chipinda. Moto ndi pepala la cellophane lofinya pang'onopang'ono pafupi ndi maiki, ndipo mukalifinya mofulumira limasanduka mvula kapena nyama ya pa chiwaya. Mfuti ankaombadi ya zipolopolo zopanda mutu, koma poti inkakana kulira nthawi zina pulogalamu ili pa mphepo, pambali pankakhala ndodo ndi pilo wachikopa. Kumenya pilo wotero ndi ndodo yosalala, patali mamita awiri ndi maiki, kumapereka kulira kwabwino kosaphulitsa makina.

Kukomoka kwa tifitifi atamenyedwa pamutu kunali ngati lamulo la masewerowa. Mu Rogue's Gallery ya 1945, tifitifi Richard Rogue, amene Dick Powell ankasewera, akamenyedwa ankapezeka pa mtambo akukangana ndi kamunthu ka m'mutu mwake kotchedwa Eugor, dzina lake lomwe la Rogue lowerenga chobwerera. Kumenyako ndi hamala ya thabwa pa vwende kapena kabichi, ndipo kugwa kwa thupi kukhale kuwiri, mawondo kenako thunthu, chifukwa kugwa kumodzi kumamveka ngati thumba. Batchala wathu akakomoka alote ukwati wake, wansembe akumufunsa mafunso a mlandu m'malo mwa malumbiro. Masekondi 40 a maloto otere amakumbutsa womvera zizindikiro zonse popanda kuoneka ngati kubwereza.

Nyimbo zinkachokera ku gulu la oyimba ngati ndalama zilipo, apo ayi limba la Hammond, limene linatuluka mu 1935. Yolumikiza malo awiri ikhale masekondi 5 mpaka 8, iyambe ndi mzimu wa malo amene tikuchoka, ithe ndi wa kumene tikupita. Yodzidzimutsa ikhale ya masekondi 1 kapena 2, ndipo isapitirire katatu pa gawo lonse. Mukhalenso ndi kanyimbo ka manoti ochepa ka chikondi kamene kamayamba nthawi iliyonse tifitifi akagwira thumba la mphete, n'kudukira panjira pamene chosokoneza chafika. Pofika gawo lachitatu womvera amayamba kuseka akangomva noti yoyamba.

Kukonzekera kukhale katatu: kuwerenga muli pa tebulo ndi wotchi, kuyesa pa maiki ndi maphokoso onse, kenako kudutsa sewero lonse osayima. Mapepala asamangidwe ndi waya, ndipo mzere wa munthu usadukire tsamba lina. Wosewera akamaliza tsamba alitsetserekere pambali kutali ndi maiki. Wotsogolera amalankhula ndi manja: chala pamphuno ndiye kuti nthawi ili bwino, kuzungulitsa chala ndiye fulumirani, kukoka manja ngati mphira ndiye chepetsani liwiro, chala chodutsa pakhosi ndiye dulani. Kale masewero ambiri ankawachita kawiri usiku umodzi chifukwa nthawi ya ku New York ndi ya ku California imasiyana ndi maola 3, ndipo ambiri mwa amene timamva lero anapulumuka pa zimbale za mainchesi 16 zotenga mphindi pafupifupi 15 mbali imodzi. Inu muli ndi mwayi wobwereza, komabe jambulani malo aliwonse athunthu osewera ali pamodzi, mawu amphamvu kwambiri asapitirire -6 dB pa choyezera cha makina ojambulira. Nthabwala zojambula mzere umodziumodzi n'kulumikiza pambuyo pake zimataya mpweya wake, chifukwa liwiro la yankho limabadwa pamene wosewera akumva mnzake.

Vuto lalikulu limabwera pa gawo la 6 kapena la 7, pamene womvera wayamba kuona kuti ukwatiwu sudzachitika. Foni isasokoneze kawiri motsatizana. Sabata ina chosokoneza chikhale chilungamo cha tifitifi mwini, monga kupereka ndalama za mphete kwa mayi amene mwamuna wake wamangidwa. Sabata ina mkaziyo ndiye achedwe. Ndipo gawo lililonse lisunthe zinthu pang'ono: sabata ino wafika pa mawu awiri a funso lake, sabata yamawa atatu, kenako mlembi wasiya kumutchula kuti bwana akakhala awiri. M'nkhani yathu ya belu ija, mphindi ziwiri zomaliza zikhale zopanda phokoso la kunja. Apolisi apita ndi mphete. Tifitifi akutsegula kabokosi kopanda kanthu, ndipo phokoso lake ndi lomwe lija tinamva atagwada. Mlembi akumupempha kabokosiko, akuti akufuna kusungiramo mapini a mapepala, ndipo timamva diloo ya tebulo lake ikutseguka, ikutsekeka, kiyi n'kuzungulira. Limba lilowe kiyiyo itangotha kulira, liyimbe kanyimbo ka chikondi kaja mpaka noti imodzi kupitirira pamene kanadukira sabata yatha.